Wapansi pa Masitepe

Ntchito yathu ndi yosamutsa anthu. Ine ndi achimwene anga, ndi kalole kathu kamene kamatsokomola kaye kasanalire. Mukafuna kuchoka nyumba ina kupita ina mumaimba foni, ndipo woyankha ndine, chifukwa achimwene foni amaigwira ngati poto wotentha. N'chifukwa chake amanditchula Netiweki. Dzina langa lenileni ndikukayika ngati akulikumbukira.

Pali chinthu chimodzi choti mudziwe kaye, apo ayi nkhaniyi simuimva. Anthu awiri mukanyamula firiji kapena wadiropu pa masitepe, kulemera sikugawanika pakati. Wapamwamba amangowongolera, akuyenda chammbuyo, maso pa makona. Wapansi ndiye amasenza zonse. Katundu amatsamira pa iye, paphewa, pachifuwa, m'mawondo. Ndipo wapansi ndiye amalamula. Akati tiye mumakwera, akati ima mumaima. That's it, ntchito yonse ndi imeneyo.

Kale wapansi anali achimwene. Munthu wa thupi lake, khosi ngati tayala. Kenako msana unawatembenukira. Sizinachitikire pa katundu ayi, anangowerama kuti amange nsapato, osadzukanso. Anatha miyezi akukwawa kuchoka pa matiresi kupita kubafa, alamu akuwasambitsa ngati khanda. Adokotala anati kanthu kena kapakati pa mafupa a msana kasuntha, kakadzangobwereza tiyambe kufunsa mtengo wa wilitcheya. Kuyambira pamenepo ine pansi, iwo pamwamba. Ndine wowonda, makasitomala amandiyang'ana mokayika, ena mpaka kufunsa ngati wina akubwera. Koma miyendo ndili nayo. Zinkayenda.

Tsiku limene zinayamba tinkakweza makina ochapira. Amaoneka aang'ono koma mkati muli simenti, funsani aliyense wa ntchito yathu. Tinafika bwinobwino, ndinakhala pa sitepe kuti ndipume, mtima n'kuyamba zina. Osati kuthamanga kwa masiku onse kuja. Unkaphiriphitha ngati nkhuku yomangidwa miyendo, kuima, kuyambanso. Ndinatsokomola, m'kamwa kumveka chitsulo. Achimwene anandiyang'ana osaseka. Munthu amene amandiseka ngakhale ndikapunthwa. Kusaseka kwawoko ndiye kunandiopsa.

Kuchipatala nesi anandimata timapepala pachifuwa, mawaya mpaka m'miyendo, akundinena kuti ndamupeputsira ntchito chifukwa pachifuwa panga palibe cheya ndi chimodzi chomwe choti amete. Makina analavula pepala lapinki lodzaza ndi timizere tokwera ndi kutsika. Pamwamba pake panalembedwa kuti Abnormal ECG. Possible left atrial enlargement.

Adokotala ake anali mayi wachitsikana, maso otopa. Anandiuza kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo makinawo akuganiza kuti chipinda cham'mwamba chakumanzere chakula. Anati ndisathamange magazi, makinawa nthawi zambiri amangokuwa, makamaka kwa anthu owonda. Ndinayamba kumasuka. Koma kenako anandiika chomvera chija pachifuwa, n'kukhalapo. Anandigoneka chakumanzere, n'kumveranso, maso atatseka. Anandifunsa ngati ndili mwana ndinkadwaladwala pakhosi, ngati mawondo ankatupa. Ndinati ndani sanadwale pakhosi. Anandilembera sikani ina, akuti eko, yoona mtima weniweniwo ukugunda. Layini yake ndi yaitali, mpaka mwezi wamawa. Pakali pano, anatero, musanyamule zolemera.

Ndinaseka. Anandifunsa ntchito yanga, ndinawauza. Iwo sanaseke.

M'lole pobwerera ndinali kale pa foni ndikufufuza pa Gugo. Musamachite zimenezo, serious. Sitiroko. Mtima kulephera. Magazi kuundana. Ndimatseka, ndimatsegulanso, ngati pena mawu asintha. Ndipo chimene chinkandizungulira m'mutu si mawu achingereziwo ayi, anali madala athu. Madala anamwalira miyendo itatupa ngati mapilo, akugona chokhala pa mpando chifukwa akagona chagada ankabanika. Palibe anatiuza dzina la matendawo. Ankangoti ndi mtima. Ndinavula nsapato m'lole momwemo n'kudina pa kakolo ndi chala kuti ndione ngati patsale dzenje. Sipanatsale. Ndinadinanso.

Achimwene anayendetsa mpaka pa maloboti. Pamenepo ndi pamene anati, maso ali kutsogolo, "Kuyambira mawa pansi ndi ine."

Ndinati zimenezo aiwale. Anati sakundifunsa. Ndinati nanenso sindikuwafunsa, msana wawo ndi wa tonse, unatisowetsa tulo tonse. Anati ndili ndi mwano kuyambira ndili m'matewera. Tinafika kunyumba tikukanganabe, ndipo kunena zoona kukanganako kunali bwino kuposa Gugo.

Tinayesa njira zina, musaganize kuti ndife zitsiru. Tinatenga munthu waganyu pa siteji. Tsiku loyamba anakanda tebulo la kasitomala pa khoma, lachiwiri anakankha achimwene asananene kuti akonzeka, lachitatu sanabwere. Ndipo ntchito yathu imadyetsa makomo awiri movutikira, atatu siingathe. Tinayesa kukana ntchito za masitepe. Koma masiku ano aliyense akukhala m'mwamba, ndipo lifiti ikakhalapo imakhala yoti yafa kapena firiji silowa. Sabata imeneyo kalole kanangokhala panja kakusonkhanitsa masamba.

Lamlungu masana ndinapita kwawo monga mwa nthawi zonse. Achimwene anali panja, mutu uli mu injini. Alamu ankasita mayunifolomu a ana pabalaza. Alamu anga ndi munthu wa nthabwala, ndikangolowa amati afika amuna anga a sipeya, abwera ndi chiyani lero kupatula njala. Tsikulo anangoti khalani. Anasita kolala imodzi mpaka ndinaopa kuti ipsa.

Kenako anaimika simbi, n'kutembenukira kwa ine.

"Alamu, ndinene chinthu, mundikhululukire. Pepala lanu lija lati mwina. Msana wa achimwene anu si mwina. Ndinawasambitsa ndine."

Atangotero anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba. Anati sakutanthauza kuti ine ndife, Mulungu akuwaona, amanditenga ngati mwana wawo woyamba. Anati akungopempha mpaka sikani ichitike, masabata ochepa okha, ndisawalole abambo a ana alowe pansi. Ndinawauza kuti akunena zoona, ndi zomwe ndikuchita kale. Ndipo zinalidi zoona. Koma pobwerera ndinayenda wapansi njira yonse, minibasi zikundiimbira hutala, ndikumva ngati wina watiika pa sikelo anthu awiri n'kuwerenga mokweza. Sindinawakwiyire. Ndikanakhala iwo ndikananena zomwezo. Zinangondipweteka basi.

So ndinakhalabe pansi. Ntchito iliyonse inkayamba ndi mpikisano kumbuyo kwa lole, ine kuthamangira mbali yapansi ndisanamange n'komwe lamba. Achimwene ataona kuti pakamwa sandigonjetsa anayamba mapulani. Chilichonse chomasuka ankamasula. Zitseko za wadiropu, madilowa, miyendo ya sofa, mashelefu a firiji. Ntchito ya mmawa umodzi inkatha dzuwa litapendeka, makasitomala akuyang'ana wotchi. Ndiye anayamba kunena ima ali pamwamba, zimene sizichitika, wapamwamba salamula. Amati chingwe cha nsapato chamasuka. Nsapato zake zinali zopanda zingwe.

Ine mtima unkachita zake. Pena phee tsiku lonse mpaka ndimadziuza kuti makina aja ananama. Pena pakati pa masitepe nkhuku ija yayamba, mpweya ukuperewera ngati ndikupumira m'kapaipi komwera zakumwa. Sindinkanena. Koma munthu amene ali mbali ina ya katundu yemweyo sungamubisire, amamva m'manja mwake kuti mnzanga wafooka.

Inali sabata yomweyo ya sikani pamene anaimba mayi wina wopanga makeke. Ankasamukira m'fulati yapamwamba penipeni, ndipo anali ndi firiji ya zitseko ziwiri, zazikulu zija zotulutsa madzi pakhomo. Pa lifiti anamatapo pepala lopepesa lomwe linali litachita kale chikasu. Achimwene anazungulira firijiyo ndi sikuludiraiva, koma zitseko zake zinali ndi mawaya ndi kapaipi mkati, mayiyo anati tisayerekeze kumasula, galanti ya kushopu ingathe. Anatitsatira pambuyo akutiuza kuti ali ndi oda ya ukwati, kirimu sadikira munthu.

Masitepe ake anali opapatiza, a simenti, onunkha mankhwala okolopera. Ndinalowa pansi, lamba paphewa, tsaya pa chitsulo chozizira. Tiye. Tinakwera. Tiye. Pokhota poyamba zinayenda. Pokhota pachiwiri ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ima, mawu osatuluka. Ndinangomenya firiji ndi chikhato. Tinaiimika pa kona, ine manja m'mawondo, makoma akuyenda.

Achimwene anasuzumira pamwamba pa firiji. Anati akukayika chitseko cha fulatiyo, chikuoneka chaching'ono, tingavutike ulere n'kukafika chinthu osalowa. Anandiponyera tepi kuti ndikayeze, poti ine maso ndi abwino. Ndinadzipanikiza pakati pa firiji ndi khoma, n'kukwera.

Chitseko chinali chokwanira, ndinaona ndisanatambasule n'komwe tepi. Koma pakhondepo panali windo lotsegula, kamphepo kakulowa. Ndinatsamira khoma. Ndinati ndipume kaye pang'ono, just pang'ono, mpaka mtima ubwerere m'malo. Sindikudziwa ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Nditatsika ndinapeza achimwene, munthu wamkulu uja, adutsa pa kampata komwe ine ndinadutsa movutikira. Shati itang'ambika paphewa, batani lili pa sitepe. Anali pansi, lamba wanga ali pa iwo, firiji ataipendeketsa kale, yatsamira pachifuwa pawo.

"Gwira, Netiweki."

Pa ntchito yathu katundu akangochoka pansi mkangano watha. Sungaime n'kumafunsa mafunso, chinthu chili m'malere, mnzako ali kunsi kwake. Manja anga anagwira okha.

"Achimwene, tsitsani. Chonde."

"Wapansi ndine. Tiye."

Tinakwera. Ndipo apa ndi pamene pamandivuta kulemba. Kunali kopepuka. Ndinali nditaiwala kuti achimwene akakhala pansi, wapamwamba umangokhala ngati waperekeza. Firiji inkabwera yokha. Chifuwa changa chinatseguka, mpweya unkalowa mpaka pansi, ndipo thupi langa linasangalala, lopanda manyazi. Iwo ankaimba kamluzu kawo kaja ka m'mano, kamene ndinali ndisanakamve chiyambireni matenda awo. Pokhota anandinena kuti ndikuwongolera ngati ndikuyendetsa ngolo ya mu shopu. Mayi wa makeke anaseka kumbuyo, n'kunena kuti bwenzi titayamba choncho.

Tinatsala pang'ono kufika. Sipanamveke kanthu, palibe chinathyoka choti munthu n'kumva. Mluzu unangoduka. Ndinasuzumira m'mbali n'kuona nkhope yawo yasanduka phulusa.

"Ima," anatero, pang'onopang'ono. "Usasiye. Itana anthu."

Sanaigwetse. Ndikufuna zimenezi zidziwike. Anagwada bondo limodzi pa sitepe, firiji ili paphewa, mayi uja ali kumbuyo kwawo kwenikweni, ndipo sanaigwetse. Ine ndinakulunga lamba womangira firiji m'manja n'kudzigwetsa chagada, ndikukoka, ndikukuwa. Mayiyo anatsika akumenya zitseko. Kunatuluka abambo awiri, wina ali ndi thovu lometera kumaso, kenako mlonda. Anaichotsa pa iwo.

Achimwene anatsala chogwada, chipumi pa khoma. Sankatha kuwongoka, sankatha kukhala. Anafunsa ngati firiji yakandika. Mayi wa makeke anati aisiye firijiyo, akulira.

Tinawatsitsa pa bulangeti lathu lokutira katundu, anthu anayi m'makona. Ndinagwira kona imodzi, iwo n'kunena ali m'bulangetimo kuti uyo asanyamule, akudwala mtima. Anthu osawadziwa anandiyang'ana, mlonda n'kundisuntha mwaulemu. Ndinatsika pambuyo pawo nditanyamula nsapato zawo.

Alamu anatipeza kuchipatala. Ndinali nditakonzeka kuti anditukwane, ndinkafuna anditukwane. Anadutsa n'kukagwada pa bedi, kuwapukuta amuna awo kumaso ndi mpango. Patapita nthawi anatembenuka, osandiyang'ana m'maso, n'kundifunsa ngati ndadya.

Sikani ndinapita ndekha. Kachipinda kamdima, mafuta ozizira pachifuwa, sikirini yaimvi. Ndinaona kanthu kakutseguka ndi kutseka ngati kamwa la nsomba, ndipo atakweza voliyumu kunamveka ngati munthu akuchapa m'beseni. Ndinagona pamenepo ndikupempha chinthu chimodzi, kuti anene kuti makina aja ananama. Kenako ndinaganiza kuti akanena choncho ndiye kuti achimwene athyokera zaziii. Ndinasiya kupempha, sindinadziwe kuti ndipemphe ziti.

Adokotala a mtima anali bambo wachikulire wolankhula mosathamanga. Anajambula mtima kuseri kwa envulopu. Anati pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi pali kachitseko, ndipo kanga kanauma n'kuchepa, mwina chifukwa cha matenda a pakhosi a ndili mwana amene sanachizidwe bwino. Magazi amachedwa kudutsa, amadzazana m'mwamba, chipinda n'kumafutukuka. Anati tazipeza nthawi yabwino. Mapilisi, jakisoni mwezi ndi mwezi, kubwera kudzaonedwa, mwina opaleshoni mtsogolo. Anthu amakhala nazo zaka zambiri. Kuyendetsa galimoto palibe vuto. Kunyamula ayi.

Ndinafunsa ngati ndingamakhale pamwamba pokha. Sanamve, ndiye ndinawafotokozera za masitepe, wapansi ndi wapamwamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndiwapatse ulemu pamenepo. Anati ayi, konse kuwiri.

Achimwene anali atawatulutsa m'chipatala. Ndinawapeza pabalaza atagona pansi, miyendo ili pa mpando, akuyang'ana denga. Mwendo wakumanzere sunkamva kuyambira pa bondo kutsika, adokotala awo anati tidikire tione ngati ubwerere. Alamu anaima pakhomo la kukhitchini ndi kansalu m'manja.

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwauza zonse, kachitseko, jakisoni, envulopu. Ndinayesa kuziseketsa, ndinati ndine munthu woyamba m'banja mwathu kukhala ndi chipinda chachikulu. Palibe anaseka. Alamu anabwera n'kukhala pa mkono wa sofa, n'kuika dzanja pamutu panga, ngati mmene amachitira ndi ana akatentha thupi.

"Ndiye bola ndinalowa pansi," anatero achimwene.

"Bola chiyani? Taonani mmene mulili."

"Ndikuona. Ndili pano, ndikukuyankhula. Iwe ukanagwa pa masitepe paja, ndikanakawauza chiyani amayi athu?"

Ndinkangoyang'ana phazi lawo lija, chala chachikulu chili njo, akuyesa kuchigwedeza mobisa, osagwedezeka.

Foni inalira m'thumba. Nambala yachilendo. Ndinafuna kudula, iwo anati yankha, ndi ntchito imeneyo. Anali bambo wina, akusamuka kumapeto kwa mwezi, nambala yathu anapatsidwa ndi mnzake amene anati anyamata awa sakanda katundu. Achimwene ali pansipo anayamba mafunso awo a nthawi zonse, ine n'kumabwereza pa foni. Nyumba yapansi kapena yam'mwamba? Yam'mwamba. Lifiti ilipo? Palibe. Zazikulu ndi chiyani? Sofa ya pakona, bedi, firiji, makina ochapira.

Ndinaphimba foni ndi dzanja. Achimwene anayang'ana denga mpaka bambo uja anayamba kunena halo, halo.

"Apatse nambala ya anyamata a lole yabuluu," anatero.

Anyamata a lole yabuluu ndi amene takhala tikulandana nawo makasitomala pa siteji chiyambireni. Achimwene amati amanyamula katundu ngati akutaya zinyalala. Ndinawayang'ana kuti mwina asintha. Sanasinthe. Ndinauza bamboyo kuti pepani, ife sitikwanitsa, koma ndikutumizirani nambala ya anzathu. Anafunsa ngati tili bize tsiku limenelo, atha kusuntha deti. Ndinati ayi, si deti.

"Uwauzenso azimitse firiji dzulo lake, ikhetse madzi," anatero achimwene. "Ndipo makina ochapirawo amange dilamu mkati. Awo sakawauza."

Ndinawauza. Bamboyo anathokoza, n'kudula. Ndinatumiza nambala ija, meseji n'kuonetsa kuti yafika.

Alamu anabwerera kukhitchini, tinamva mpopi ukutseguka, madzi akungotayika osatsukira kanthu. Achimwene anati pilo wapansi pa bondo wasuntha, ndiwakonzere. Ndinagwada, n'kukweza mwendo wawo pang'ono kuti ndimukankhire mkati. Anandiuza kuti ndisakweze, ndingokoka pilo yekhayo.